Mphesa za Banja la Perrin: Zolemba za Ulendo wa ku Châteauneuf-du-Pape

Lolemba, Avignon

Sitima yapamtunda ya TGV yochokera ku Paris imafika ku Avignon maola atatu asanakwane, ndipo wokhala kufupi ndi zenera amaona dziko likusintha maonekedwe: mukangopitirira Lyon msipu wa ng'ombe umayamba kuchepa, m'mbali mwa mapiri mumatuluka mizere ya mphesa, kenako nthaka imayerera, mitengo imafupika, dzuwa n'kuyamba kuthobwa m'maso. Ndasankha kubwera mu Seputembala chifukwa ndiyo nyengo yokolola, ndipo chimene chandikoka ndi munda wa mphesa wa Château de Beaucastel, m'dera la Châteauneuf-du-Pape kumwera kwa France, umene wakhala m'manja mwa banja limodzi kuyambira mu 1909.

Madzulo ano ndinazungulira nyumba ya apapa, chifukwa mbiri ya vinyo wa dera lino imayambira pamenepo. Mu 1309 Papa Clément V, amene anali Mfalansa, anakhazika likulu la Mpingo wa Katolika muno mu Avignon, ndipo apapa anakhala kuno mpaka mu 1377 pamene Grégoire XI anabwerera ku Rome. Nyumbayi ndi yaikulu moopsa, ya zipupa zochindikala ngati za linga la nkhondo, koma m'kati mwake muli zipinda zambiri zopanda kanthu. Amene akundikhudza pa ulendowu ndi Papa Jean XXII, wolowa m'malo mwa Clément V, amene kuyambira mu 1317 anamangitsa nyumba ina pa phiri la chakumpoto kwa mzindawu, pakati pa minda ya mphesa. Mawa ndipita kumeneko.

Lachiwiri, mudzi wa Châteauneuf-du-Pape

Mudziwu ndi waung'ono, wa anthu ongopitirira pang'ono 2,000, ndipo pafupifupi khomo lililonse la mumsewu waukulu limagulitsa vinyo. Ndinakwera makwerero a miyala mpaka pamwamba pa phiri, pamene pali mabwinja a nyumba ya Papa Jean XXII. Chatsala ndi mbali imodzi ya nsanja ndi zipupa zochepa, popeza asilikali a Germany anaphulitsa mbali inayo pothawa mu Ogasiti 1944. Kuchokera pamenepo maso amafika pa mtsinje wa Rhône, pa Avignon chakumwera, ndi pa phiri la Ventoux chakum'mawa, ndipo pakati ponsepo ndi mphesa zokhazokha.

Alendo ambiri amakopeka ndi nkhani ya apapa, koma ine ndikuona kuti chimene chinakweza mudziwu ndi mavuto amene anabwera pambuyo pake. M'zaka za m'ma 1860 kachirombo konga nsabwe kotchedwa phylloxera, kamene kanabwera ndi mbande zochokera ku America, kanayamba kudya mizu ya mphesa tsidya lina la mtsinje womwewu, kufupi ndi Roquemaure, ndipo m'zaka zotsatira kanasakaza minda ya France pafupifupi yonse. Mankhwala analephera. Chimene chinapulumutsa ulimiwu ndi kumezanitsa nthambi za mphesa za ku Ulaya pa zitsa za mphesa za ku America, zimene mizu yake imapirira kachiromboka, ndipo mpaka lero mphesa zambiri zimene ndaziona zili ndi mizu ya ku America. Minda itadzalidwanso panabuka chinyengo: amalonda ankagula vinyo wamba kwina n'kumugulitsa pa dzina la mudziwu, ndipo vinyo weniweni wa kuno ankapita naye kumpoto kukalimbitsira vinyo wosalimba wa kumeneko.

Amene anatsogolera alimi pothana ndi zimenezi ndi Baron Pierre Le Roy de Boiseaumarié, wodziwa zamalamulo amene anakwatira m'banja la eni munda wa Château Fortia. Kuyambira mu 1923 alimi anagwirizana malamulo awoawo onena za malire a dera, mitundu ya mphesa yololedwa ndi kakololedwe kake, ndipo pa 15 Meyi 1936 boma linaika Châteauneuf-du-Pape m'gulu loyamba la madera a vinyo otetezedwa ndi lamulo, amene amadziwika ndi zilembo za AOC. Malamulowo akugwirabe ntchito. Derali lili ndi mahekitala pafupifupi 3,200 m'midzi isanu, ya Châteauneuf-du-Pape, Courthézon, Bédarrides, Sorgues ndi Orange. Mphesa zonse ziyenera kuthyoledwa ndi manja, vinyo asachepere 12.5 peresenti pa ukali wake, ndipo hekitala imodzi isatulutse malita oposa 3,500. Lamulo lomalizali ndi limene linandigwira mtima, chifukwa ndi alimi eni ake amene anapempha kuti aletsedwe kukolola zochuluka, pozindikira kuti mpesa wobereka mopitirira umapereka madzi ozizira kukoma. Ichi n'chifukwa chakenso botolo la kuno limatchula dzina la malo, pamene mabotolo ambiri a ku South Africa amene tinawazolowera amaika patsogolo mtundu wa mphesa.

Ndisaiwale kuti mu 1954 meya wa mudziwu analemba lamulo loletsa mbale zouluka zochokera kunja kwa dziko lapansi kutera m'minda ya mphesa, ndipo anthu a kuno amaifotokoza nkhaniyi ndi nkhope yosaseka.

Lachitatu, m'minda ya Beaucastel

Beaucastel ili kumpoto kwa derali, pakati pa Courthézon ndi Orange, pamalo athyathyathya opanda chitetezo ku mphepo. Lero kunawomba mistral, mphepo youma yochokera kumpoto imene imatsika ndi chigwa cha Rhône, ndipo ndinayenda nditagwirira chipewa m'mawa wonse. Mayi amene amatiperekeza anatiuza kuti mlimi wa kuno saidandaula mphepoyi, chifukwa imaumitsa masamba mvula ikagwa, motero matenda a chuku sapeza mpata wofalikira. Pa chifukwa chomwecho mphesa zambiri, makamaka za Grenache, sazikweza pa mawaya: amazidulira kuti zikhale zitsamba zazifupi, chilichonse choima pachokha, zimene mphepo singazithyole ndipo masamba ake amaphimba zipatso ku dzuwa.

Munthu akaona nthaka ya pano koyamba sangakhulupirire kuti ndi munda. Pamwamba ponse pali miyala yobulungira, yosalala, ina yaikulu kuposa mutu wa munthu, imene mtsinje unakokolola kuchokera ku mapiri a Alps kalekale. Kuyendapo n'kovuta, ndipo makasu a mathirakitala amatha msanga. Mabuku a alendo amakonda kunena kuti miyalayi imasunga kutentha kwa masana n'kukubwezera ku mphesa usiku, ndipo zimenezo n'zoona, koma m'dziko lotentha chonchi phindu lake lalikulu ndi lina: imaphimba nthaka kuti chinyezi chisauluke. Pansi pake pali dongo lofiira losunga madzi, ndipo mizu ya mphesa zakale imatsika kutali kukawafuna. Popeza lamulo silipereka ufulu wothirira mwachisawawa, dongoli ndilo limaolotsa munda m'chilimwe.

Malowa amatchulidwa m'zolembedwa za mu 1549, pamene Pierre de Beaucastel anagula nkhokwe ndi kachigawo ka nthaka pamalo otchedwa Coudoulet. Mu 1909, minda isanachire bwino ku phylloxera, Pierre Tramier anagula malowa, ndipo pambuyo pake anawasiyira mkamwini wake, Pierre Perrin. Komabe dzina limene limamveka kwambiri pano ndi la mwana wa Pierre, Jacques Perrin, amene anayendetsa mundawu mpaka imfa yake mu 1978. Ndamva dzinali kambirimbiri lero, ndipo nditayenda m'minda ndamvetsa chifukwa chake.

Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, alimi a ku France analandira feteleza ndi mankhwala opha udzu ndi tizirombo ndi manja awiri, poti zinkachepetsa ntchito ndi kuchulukitsa zokolola. Jacques Perrin anazikana. Kuyambira mu 1950 Beaucastel yakhala ikulimidwa ndi manyowa, udzu n'kumaupalira m'malo moupopera, ndipo mu 1974 anayamba kutsatiranso njira ya biodynamie, yochokera ku ziphunzitso za mu 1924 za Rudolf Steiner, wafilosofi wa ku Austria. Njira imeneyi ili ndi zinthu zina zimene sindikuzikhulupirira, monga kukwirira ndowe m'nyanga za ng'ombe ndi kuyang'ana kayendedwe ka mwezi posankha tsiku la ntchito. Koma sindingatsutse zimene ndinaona nditasuntha miyala ndi kufukula pang'ono: dothi lofewa, lonunkhira bwino, lodzala timizu. Ndikuganiza kuti mlimi wotsata malamulo ovuta chonchi amakakamizika kuyendera munda wake pafupipafupi, ndipo mwina kuyendera kumeneko kumachita zambiri kuposa nyanga za ng'ombezo.

Chosankha chachiwiri cha Jacques Perrin ndicho chinali chovuta kwambiri. Malamulo a 1936 analola mitundu 13 ya mphesa, koma alimi ambiri anadalira Grenache, imene imapirira chilala, imachuluka shuga, ndipo lero imatenga pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a minda ya derali. Jacques Perrin anasunga mitundu yonse 13, kuphatikizapo yosowa monga Counoise, Muscardin, Vaccarèse, Terret noir ndi Picardan, ndipo anadzala Mourvèdre wambiri. Mtundu umenewu umadziwika kwambiri ku Bandol, m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean. Umachedwa kupsa, umafuna dzuwa lambiri ndi chinyezi kumizu, ndipo mpesa wake ukakhala waung'ono supereka vinyo wosangalatsa. Kuudzala kumpoto kwa Châteauneuf-du-Pape kunali kuika ndalama pa chinthu chimene phindu lake likanaoneka patapita zaka zambiri. Mayi uja anatiimiritsa pa mzere wa Mourvèdre n'kutilawitsa chipatso chimodzi: khungu lake linali lolimba, lomata m'kamwa, ndipo anati patsala masabata kuti athyole, pamene mphesa za mtundu wa Syrah zinali zitalowa kale m'nyumba yopangira vinyo.

Othyola mphesa anali kumunda kuyambira m'bandakucha, atawerama pa zitsamba zazifupizo ndi tizisizasi ndi ndowa. M'chigawo chino ambiri a iwo ndi aganyu a nyengo yokolola, ochokera ku Spain, Morocco ndi maiko a kum'mawa kwa Ulaya. Ntchitoyi ndi yothyola msana, ndipo kutentha kukuiipitsa: mu Seputembala 2023 othyola mphesa angapo anamwalira ku Champagne, dera lina la vinyo kumpoto kwa France, pa nthawi ya kutentha koopsa. Lamulo lothyola ndi manja limateteza ubwino wa vinyo, koma mtolo wake umagwera pa anthu amenewa, ndipo mayina awo saoneka pa botolo.

Lachinayi, m'nyumba yopangira vinyo

Mphesa zikafika kuchokera kumunda zimayamba zasankhidwa, monga alimi a fodya amasankhira masamba asanawamange: zoola, zosapsa ndi zouma ndi dzuwa zimachotsedwa, ndipo malamulo a derali amakakamiza mlimi aliyense kupatula gawo lina la zokolola kuti lisalowe mu vinyo wa dzina la Châteauneuf-du-Pape. Fungo la m'nyumbamo ndi la zipatso zoyamba kusasa, ndipo anatichenjeza kuti tisaweramire m'mathanki, chifukwa mpweya umene umatuluka yisiti ikamadya shuga ungakomole munthu.

Chimene chimachulukitsa ntchito pa Beaucastel n'chakuti mtundu uliwonse wa mphesa umathyoledwa pa nthawi yake ndipo umawira paokha. Syrah ndi Mourvèdre amaziika m'migolo ikuluikulu yamatabwa yotseguka pamwamba, kumene makungu oyandama amakankhidwira pansi kuti atulutse mtundu ndi mphamvu yake, pamene mitundu ina imawira m'mathanki a simenti. Jacques Perrin anayambitsanso njira yotenthetsa mphesa kwa kanthawi kochepa kufika madigiri 80 n'kuziziziritsa msanga, pofuna kuchepetsa salfa wofunika poteteza vinyo kuti asawonongeke. Kuwira kukatha, a m'banjamo amalawa vinyo wa mtundu uliwonse n'kugwirizana kasakanizidwe ka chaka chimenecho. Kawirikawiri Grenache ndi Mourvèdre amatenga pafupifupi 30 peresenti aliyense, Syrah ndi Counoise pafupifupi 10 peresenti aliyense, ndipo mitundu yotsalayo imadzaza mpata. Vinyo wosakanizidwayo amakhala pafupifupi chaka chimodzi m'migolo yaikulu ya mtengo wa thundu, yotalika kuposa munthu. Amakonda migolo yaikulu ndi yakale chifukwa imalola vinyo kupuma pang'onopang'ono popanda kumupatsa fungo la thabwa latsopano.

Nyumbayi yamangidwanso posachedwapa motsogozedwa ndi katswiri wa zomangamanga wa ku India, Bijoy Jain wa Studio Mumbai. Zipupa zambiri ndi za dothi lotsendereza lokumbidwa pamalo pomwepo, ndipo mphepo ya mistral imakokedwa kudutsa pa madzi a mvula osungidwa pansi kuti iziziritse zipinda za vinyo. Ndinaona kuti n'zoyenera kuti banja limene linakana feteleza mu 1950 lifunefune njira yoziziritsira nyumba popanda kudalira makina okhaokha.

Pomaliza tinalawa. Mwambo wake ndi wakuti umanunkhiza, umazunguza m'kamwa, kenako n'kulavulira m'chotengera, ndipo palibe amene amakuona ngati wopanda ulemu. Tinayamba ndi vinyo woyera, amene m'derali safika gawo limodzi mwa magawo 10 a vinyo yense. Wa Beaucastel ndi wa Roussanne makamaka, wolemera m'kamwa, wa fungo la uchi ndi maluwa. Wofiira wa zaka zochepa anali wakuda bii, wa fungo la zipatso zakuda ndi tsabola, koma womanga lilime. Atatithirira wa zaka zoposa 15 ndinadabwa kuti wachokera m'munda womwewo: kumanga kuja kunali kutatha, mtundu utayamba kufiirira ngati njerwa, ndipo fungo linali la chikopa, nthaka yonyowa ndi zitsamba zouma. Ena sakonda fungo limeneli, ndipo pakhala mtsutso pakati pa akatswiri ngati m'mabotolo ena akale limachokera ku Mourvèdre kapena ku mtundu wina wa yisiti yakuthengo. Ine linandikomera, ngakhale ndikuvomereza kuti si vinyo womwera ludzu.

Vinyo wa chaka cha 1989 ndi amene anatchukitsa mundawu kunja, pamene magazini ya ku America ya Wine Spectator inamusankha kukhala vinyo wopambana mu 1991. M'chaka chomwecho cha 1989 ana a Jacques, Jean-Pierre ndi François, anapanga koyamba vinyo wa Hommage à Jacques Perrin pokumbukira bambo awo, amene amapangidwa m'zaka zabwino zokha ndipo gawo lake lalikulu ndi Mourvèdre wa mphesa zakale. Jacques mwini wake anali atamwalira zaka 11 m'mbuyomo.

Lachisanu, Gigondas

Lero ndinapita chakum'mawa, ku Gigondas, mudzi wokhala m'tsinde mwa mapiri a nsonga zakuthwa a Dentelles de Montmirail, umene vinyo wake analandira AOC yakeyake mu 1971. Minda ya kuno ndi yokwera, nthaka ndi ya miyala ya laimu, usiku kumazizira, ndipo vinyo wake ndinamumva wopepuka pang'ono kuposa wa dzulo. Banja la Perrin lili ndi minda kunonso, komanso malo odyera a L'Oustalet pabwalo la mudzi.

Apa m'pamene ndinaona kuti mawu akuti munda wa banja angasocheretse munthu. A Perrin si alimi ang'onoang'ono. Kuwonjezera pa Beaucastel, imene ili ndi mahekitala pafupifupi 100 a mphesa, ali ndi vinyo wotsika mtengo wa La Vieille Ferme amene amagulitsidwa m'masitolo a maiko ambiri. Mu 1989 anagwirizana ndi banja la Robert Haas kutsegula munda wa Tablas Creek ku Paso Robles, California, pogwiritsa ntchito mbande zochokera ku Beaucastel, ndipo ndi iwonso amene amapanga vinyo wa Miraval ku Provence, munda umene mmodzi mwa eni ake ndi katswiri wa mafilimu Brad Pitt. Poyamba zimenezi zinandikhumudwitsa pang'ono, poti ndinkayembekezera banja lodalira munda umodzi.

Bambo wina wachikulire amene ndinakhala naye tebulo limodzi, mlimi wa mahekitala ochepa chakufupi, anandithandiza kuona mbali inayo. Lamulo la France, kuyambira pa malamulo a Napoléon a mu 1804, limapatsa mwana aliyense gawo la chuma cha makolo limene sangalandidwe, ndipo msonkho wa chuma chamasiye umafika 45 peresenti pa chuma chachikulu. Ku Châteauneuf-du-Pape hekitala imodzi ya mphesa imaposa mayuro 400,000. Choncho kholo likamwalira, mwana wofuna kupitiriza ulimi ayenera kulipira boma ndiponso kugula magawo a abale ake, pa mtengo umene zokolola za munda sizingaubweze msanga. Mabanja ambiri amatha ndi kugulitsa kwa makampani kapena kwa anthu olemera akunja. Bamboyo anati iwo eni akuda nkhawa ndi zomwezo, popeza ana awo ali m'tauni. Ndikaganizira zimenezi, kukula kwa malonda a Perrin kukuoneka ngati njira yosungira Beaucastel yathunthu: ana a Jean-Pierre ndi François, amene ndi m'badwo wachisanu, alipo angapo, ndipo aliyense wapeza ntchito yake m'malonda a banja, wina kumunda, wina kopangira vinyo, wina kogulitsa, m'malo mogawana mundawo m'zidutswa.

Tinakambanso za nyengo. Bamboyo anati ali mnyamata kukolola kunkayamba chakumapeto kwa Seputembala, pamene tsopano mitundu yofulumira imathyoledwa mwezi wa Ogasiti usanathe. Anakumbukira chigumula cha pa 8 ndi 9 Seputembala 2002, chimene chinawononga zokolola zambiri za kumwera kwa Rhône, ndi tsiku la 28 Juni 2019, pamene kutentha kunafika madigiri 46 ku Vérargues, kufupi ndi Montpellier, mphesa zina n'kupsereratu pa mitengo. Grenache akapsa m'kutentha kotere amachuluka shuga, ndipo vinyo wake amafika 15 peresenti kapena kuposerapo. Mourvèdre ndi Counoise, zimene zimapsa mochedwa ndipo sizikwera ukali msanga, tsopano alimi ambiri akuzifuna, ndipo amene akudzala lero adzadikira zaka zambiri kuti afike pamene Beaucastel ili kale.

Loweruka, Coudoulet

M'mawa uno ndinayenda wapansi mpaka kumalire a kum'mawa kwa Beaucastel, kumene msewu waukulu wa A7, wochokera ku Lyon kupita ku Marseille, umadutsa pakati pa minda ya banjali. Tsidya lino ndi Châteauneuf-du-Pape. Tsidya linalo kuli mahekitala pafupifupi 30 a banja lomweli, a miyala yofanana, olimidwa ndi anthu omwewo m'njira yomweyo, koma ali kunja kwa malire a derali, motero vinyo wake, Coudoulet de Beaucastel, amagulitsidwa pa dzina wamba la Côtes du Rhône. Mtengo wake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa vinyo wamkulu uja.

Malire ayenera kudutsa penapake, ndipo popanda malirewo chinyengo chimene Baron Le Roy analimbana nacho chikanapitirira. Komabe nditaima pamenepo, magalimoto akuluakulu akulindima, ndinalephera kuona ndi maso kusiyana kwa nthaka kumene kungafanane ndi kusiyana kwa mitengoyo. Nditalawa awiriwo moyandikana Lachinayi, wa Beaucastel anali wozama ndipo ankaoneka kuti angasungike zaka zambiri, pamene wa Coudoulet anali wokonzeka kumwedwa msanga. Kusiyanako kulipo, koma kwa ine sikufika katatu.

Ndagula Coudoulet wofiira wokamwa ndi abale posachedwa, ndi botolo limodzi la Beaucastel limene anandilangiza kuti ndiligoneke chammbali pamalo ozizira ndi amdima kwa zaka zosachepera 10, ndipo kupeza malo otero kwathu m'mwezi wa Okutobala ndi nkhani imene ndiyenera kuiganizira bwino. Masana ano ndikwera sitima ku Courthézon kubwerera ku Avignon, ndipo kuchokera kumeneko ndilowera ku Marseille ndi Bandol, kukaona mmene Mourvèdre amakhalira m'minda yoyang'ana kunyanja.